Thovu Louma la M'matilesi, M'mapatapata ndi M'zoyandamitsa Ukonde

Thovu la pulasitiki ndi pulasitiki amene anafufumitsidwa ndi mpweya akadali wofewa, kenako n'kuuma mpweyawo uli m'kati. Thovu la sopo limaphwa pakapita kanthawi chifukwa makoma a timatumba take ndi madzi. La pulasitiki siliphwa, pakuti pulasitikiyo amalimba thovulo lisanagwe. Padoko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, thovu lotere lili ponseponse ngakhale silidziwika ndi dzina limeneli. Lili m'matilesi, m'siponji yotsukira mbale, m'mapatapata, m'mabokosi osungira nsomba pa ayisi, komanso m'zidutswa zimene asodzi amamanga kuchingwe chapamwamba cha matchera kuti ukonde uime bwino m'madzi. Zonsezi mbali yake yaikulu ndi mpweya, koma sizichita zofanana. Siponji imamwa madzi, patapata samwa. Matilesi akapanikizidwa amabwerera, pomwe pulasitiki woyera wobwera m'makatoni a wailesi akapindidwa amathyoka. Kusiyanaku kumachokera m'kati mwa pulasitiki mwenimwenimo.

Pulasitiki amapangidwa kuchokera ku mafuta okumba pansi, omwe amatulutsanso petulo ndi palafini. Kufakitale amatenga tizigawo ting'onoting'ono ta mafutawa n'kutilumikiza, kena pambuyo pa kanzake, zikwizikwi, mpaka tipange ulusi wautali wosaoneka ndi maso. Ulusi umenewu akatswiri amautcha polima.

Msodzi aliyense amadziwa kusiyana kwa mulu wa ulusi ndi ukonde. Ulusi wongounjika umakolana, koma munthu akakoka mwachifatse, umodzi umasololoka. Ulusi womwewo ukamangidwa mfundo umasanduka ukonde: ukakokedwa umatambasuka, ukasiyidwa umabwerera, ndipo palibe ulusi ungatuluke pawokha. Mfundo zikatalikirana ukonde umafewa, zikathithikana umalimba. Ulusi wa polima ulinso chimodzimodzi. Wina ulibe mfundo, wina uli nazo apo ndi apo, wina zili thithithi. Palinso wina wokhala ndi nthambi m'mbali. Ndipo ulusi weniweniwo umasiyana: wina ndi wopindika mosavuta, wina ndi wouma.

Zimenezi zimaoneka kwambiri pa nthawi yofufumitsa. Mpweya ukayamba kukankha kuchokera m'kati, pulasitiki amayenera kutambasuka osang'ambika. Akakhala wamadzimadzi kwambiri, timatumba timaphulika n'kulowana, mpweya n'kuthawa, thovu lonse n'kugwa. Akalimba msanga, mpweya umalephera kumukankha ndipo safufuma. Ulusi wautali ndi wanthambi ndiwo umathandiza apa, chifukwa umakolana ndipo umagwira khoma la kathumba pamene likupyapyala. Ulusi waufupi wopanda nthambi umatsetsereka, khoma n'kubooka. Luso lonse la wopanga thovu lagona pa kukumanitsa zinthu ziwiri: mpweya ufike pachimake nthawi yomwe pulasitiki akuyamba kugwira.

Pulasitiki woyera wopepuka uja dzina lake ndi polystyrene. Njira yomufufumitsa ngati timikanda anaitulukira Fritz Stastny wa kampani ya BASF ku Germany cha m'ma 1950. Ulusi wake ulibe mfundo, koma ndi wouma, chifukwa uli ndi tizigawo tikulutikulu m'mbali timene timauletsa kupindika. Umafewa kutentha kukafika pafupi ndi madigiri 100, pamene madzi amawira. Choncho opanga amagwiritsa ntchito nthunzi. Timikanda touma tokhala ndi mankhwala otchedwa pentane amatithira nthunzi. Pulasitiki amafewa, pentane amasanduka mpweya, ndipo kamkanda kalikonse kamakula pafupifupi ka 40. Kenako amatiika m'chikombole n'kutithiranso nthunzi kuti timatane. Munthu akanyema chidutswa n'kuchiyang'anitsitsa amaona timikandato, kalikonse ndi malire ake.

M'magawo 100 a thovu limeneli, pafupifupi 98 ndi mpweya, ndipo mpweyawo ndi wotsekeredwa m'timatumba tosabooka. N'chifukwa chake limayandama. N'chifukwa chakenso limasunga kuzizira: mpweya wosayenda sudutsitsa kutentha msanga, ndiye ayisi wa m'bokosi amachedwa kusungunuka, makumba ndi milamba n'kufika ku Zomba kapena ku Limbe zisanaonongeke. Bokosi likang'aluka kapena chivundikiro chikapanda kutsekeka, mpweya wotentha umalowa ndipo phindu lonselo limatha. Kufooka kwake kumachokeranso ku ulusi womwewo. Popeza ndi wouma, thovuli limanyenyeka likakhulana ndi bwato. Popeza ulibe mfundo, petulo amalowa pakati pa ulusi n'kuumasula, thovu lonse n'kusanduka phala lomata. Bokosi la nsomba siliyenera kuyandikana ndi chigubu cha mafuta a injini, kapena ndi moto.

Matilesi ndi siponji ndi a banja lina, la polyurethane, limene Otto Bayer ndi anzake analitulukira ku Germany mu 1937. Apa ulusi umapangika nthawi yomweyo pamene thovu likufufuma. Amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi n'kuthiramo madzi pang'ono. Mankhwala awiriwo amalumikizana kupanga ulusi ndi mfundo zake, pomwe madzi aja amatulutsa mpweya wa carbon dioxide. M'mphindi zochepa chosakanizacho chimakwera n'kukhala chimulu chachikulu, chimene chikauma amachicheka m'miyeso ya matilesi.

Chinthu chofunika chimachitika thovu likafika pamwamba penipeni. Makoma opyapyala a pakati pa timatumba amaphulika, n'kutsala timizati tokha ta m'mbali. Opanga amafuna dala kuti zitero. Timatumba timakhala totseguka, ndipo mpweya umadutsa kuchoka kena kupita kena. Munthu akakhala pa matilesi mpweya umatuluka, nthawi zina mpaka kumveka. Akadzuka timizati timawongoka, mpweya n'kubwereramo. Timizatito timapindika osathyoka chifukwa pakati pa mfundo ndi mfundo pali ulusi wautali wofewa, ndipo mfundozo ndizo zimabweza chilichonse pamalo pake. Njira yodutsa mpweya ndi yomwenso imadutsa madzi. Siponji singayandamitse ukonde, ndipo matilesi amene alowedwa ndi madzi osefukira amatenga masiku kuti aume m'kati. Dzuwa limawaumitsa, koma likawomba siponji yopanda nsalu kwa nthawi yaitali limadula ulusi, siponji n'kuyamba chikasu ndi kufumbutuka.

Pamsika matilesi awiri akhoza kufanana kukula ndi kuchindikala koma n'kusiyana mtengo. Wopanga akawonjezera madzi m'chosakaniza chija, mpweya umachuluka, thovu limakwera kwambiri, ndipo mankhwala omwewo amatulutsa matilesi ambiri. Koma timizati timakhala toonda, ndipo sitichedwa kutopa. Matilesi otere amachita chigwa pakati asanakhalitse. Wogula wanzeru sayang'ana maluwa a nsalu yokutira kapena kuchindikala kokha. Amanyamula: pa matilesi awiri ofanana kukula, olemerawo ndiwo ali ndi pulasitiki wambiri, ndipo kawirikawiri ndiwo amakhalitsa. Kwa banja limene lasunga ndalama za matemba kapena za mpunga kwa miyezi, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Banja lomweli la polyurethane limapanganso thovu louma gwa la m'makoma a furiji ndi a mabokosi ena ozizira. Opanga amangosankha ulusi waufupi wa mfundo zambiri, ndipo timatumba timatsala totseka.

Matilesi amagwira moto msanga chifukwa mpweya uli kale m'kati monse. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wa carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, umene ungakomole munthu m'chipinda chotseka moto usanamufike. Kandulo, koloboyi ndi mbaula ziyenera kukhala kutali ndi pogona, ndipo matilesi otha sayenera kuwotchedwa pakhomo kapena kuyatsira moto wowambira nsomba.

Mapatapata ali pakati pa mitundu iwiri ija, polystyrene ndi siponji ya matilesi. Ambiri amapangidwa ndi pulasitiki wotchedwa EVA, ena ndi labala. Ulusi wake ndi wofewa, wa mfundo zochepa, koma timatumba take ndi totseka. Popanga amasakaniza pulasitiki ndi ufa umene ukatenthedwa umatulutsa mpweya, n'kupanikiza m'chikombole chotentha. Mfundo zimamangika m'chikombolemo, ndipo chikatsegulidwa thovu limatukumuka osaphulika. Patapata amapindika, sanyenyeka, ndipo samwa madzi. Asodzi amene amadula mapatapata otha kukhala zoyandamitsa matchera anasankha bwino, pakuti chidutswa chotere chimapirira kukokedwa ndi kukhulidwa kuposa pulasitiki woyera uja. Komabe mbali ya kuchidendene imakhala itaphwa. Kulemera kwa munthu tsiku ndi tsiku kumafinya mpweya kudzera m'makoma pang'onopang'ono mpaka timatumba titagona, ndiye mbali imeneyo siyandamitsa ngati mbali zina.

Thovu la pulasitiki siliwola ngati njedza kapena mtengo, chifukwa tizilombo towoletsa zinthu sititha kudula ulusi wake mosavuta. Dzuwa ndi mafunde zimangoliphwanya kukhala tizidutswa timene nsomba ndi mbalame zimatha kumeza. Ku Chilwa nkhaniyi ndi yolemera, popeza nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zimene mtsinje wa Likangala wakokolola m'tauni ya Zomba, kapena zimene mitsinje ya Domasi ndi Thondwe yabweretsa, zimathera momwemo, ndipo ngakhale nyanja itaphwa monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, pulasitiki amatsala m'matope. Mtundu wopanda mfundo, monga polystyrene, ukhoza kusungunulidwa kufakitale n'kuumbidwa chinthu china. Wa mfundo, monga siponji ya matilesi, sungaumbidwenso mwa kungoutenthetsa. Umangodulidwa tizidutswa toika m'mapilo ndi m'makhushoni, kapena tizidutswato timamatidwa ndi guluu n'kupanikizidwa kukhala siponji yolimba ya m'mipando.