Mfuti Yaing'ono Yoyenda Nayo Mobisa: Ndisankhe Iti?

FUNSO



Ndine Mmalawi, ndakhala ku Johannesburg zaka zambiri ndipo ndili ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ndili ndi golosale ndipo ndimaweruka kutada. Chaka chatha achifwamba anandidikirira pageti, n'kundilanda ndalama ndi foni. Tsopano ndaganiza zogula mfuti yaing'ono yoti ndiziyenda nayo mobisa. Kusitolo anandionetsa Glock 43, Glock 26, SIG P365 ndi Taurus G3c. Mtima wanga uli pa Glock 43 poti ndi yopyapyala, koma alamu anga akuti imalowa zipolopolo zochepa. Ndisankhe iti? Nanga ndingapite nayo kumudzi pa Khirisimasi?

Wamalonda, Johannesburg

YANKHO

Bambo, pepani ndi zimene zinakuchitikiranizo. Mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama, chifukwa lamulo la mfuti la South Africa, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limalola munthu kukhala ndi mfuti imodzi yokha pa laisensi yodzitetezera ya gawo 13. Mukasankha molakwika, kusintha kwake n'kuyambanso mapepala.

Tiyambe ndi mapepalawo. Apolisi a SAPS amayamba apereka satifiketi yotsimikiza kuti ndinu woyenera kugwira mfuti. Kuti muipeze muyenera kukhala ndi zaka 21 kapena kuposa, kukhala nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika ngati chanucho, ndi kukhoza maphunziro a mfuti pamalo ovomerezeka. Abale athu amene ali kuno pa chitupa cha ntchito kapena cha alendo, khomo limeneli n'lotseka kwa iwo. Pofunsira laisensi mudzalemba zifukwa zimene mukufunira mfuti, ndipo nambala ya mlandu wa kuberedwa kwanu idzakuthandizani. Pakhomo payenera kukhala sefa yovomerezeka yomangiriridwa kukhoma kapena pansi. Laisensiyo imatha pa zaka zisanu, ndipo yatsopano imafunsiridwa kutatsala masiku osachepera 90. Kudikira kwake kumatenga miyezi, choncho dekhani.

Mfuti zinayi munatchulazo zonse zimagwiritsa ntchito zipolopolo za 9mm, zimene zimapezeka m'sitolo iliyonse ya mfuti. Kusiyana kwake kuli pa kunenepa, kulemera ndi kuchuluka kwa zipolopolo.

Glock 43, ya ku Austria, inatuluka mu 2015. Zipolopolo zimasanjana mzere umodzi m'magazini yake, n'chifukwa chake ndi yopyapyala, koma zimalowa 6 zokha. Alamu anu sananame. Glock 26 ndi yakale, ya m'ma 1990. Imalowa 10 m'mizere iwiri, motero ndi yonenepa ndi yolemererapo, koma imalandiranso magazini a Glock 19 olowa 15 ndi a Glock 17 olowa 17. SIG P365 inabwera mu 2018 n'kusintha msika wonse, chifukwa inakwanitsa kulowetsa zipolopolo 10 m'thupi laling'ono ngati la Glock 43, lolemera pafupifupi theka la kilogalamu. Taurus G3c, ya kampani ya ku Brazil, imalowa 12, ndi yokulirapo, ndipo kawirikawiri ndiyo yotsika mtengo pa zinayizi. Ili ndi kaloko kotsekula ndi chala chachikulu musanawombe, pamene ma Glock alibe kaloko kotere.

Mfundo imene ogulitsa ena sakuuzani ndi iyi: mfuti ikachepa imabisika bwino, koma imavuta kuwombera. Mphamvu ya chipolopolo ndi yomweyo, ndiye mfuti yopepuka imadumpha kwambiri m'manja. Mukadzapitanso kusitolo, igwireni Glock 43 muone chala chanu chakaniso. Kwa munthu wa manja aakulu chimangolendewera pansi pa chogwirira, chopanda pokhala. Ndi zala ziwiri zokha pachogwirira, kamwa ya mfuti imanyamuka pa kuwomba kulikonse, ndipo chipolopolo chachiwiri chimapita kumene simunalinge. Mukaigwira mofooka, mfuti yaing'ono ikhoza kukakamira osalowetsa chipolopolo chotsatira. Sipuling'i yakenso ndi yolimba, moti anthu ena amavutika kukoka kumwamba kwake pofuna kuitchera.

Tsono musasankhe ndi maso. Pitani kumalo ophunzirira kuwombera kumene amabwereketsa mfuti, muwombere zonse zinayi tsiku limodzi, pa mtunda umodzi, mlangizi ali pambali. Imene zipolopolo zake zikugwera pamodzi papepala ndiyo yanu. Funsaninso za Glock 43X ya mu 2019. Ndi yopyapyala ngati 43, koma chogwirira chake n'chachitali, chokwana dzanja lonse, ndipo imalowa 10.

Kubisa si nkhani ya kukonda kwanu. Gawo 84 la lamulo lija limati mfuti ya m'manja ikakhala pagulu ikhale mu holster (chosungiramo mfuti chovala pathupi) kapena m'chikwama, yophimbika yonse, ndiponso mwiniwake akhale woilamulira. Chimene chimatukumula shati nthawi zambiri ndi chogwirira, makamaka mukawerama kunyamula kireti kapena thumba la ufa. Gulani holster yolimba, yopangidwira mfuti yanuyo, yophimba trigger (pokoka ndi chala powombera) yonse, pamodzi ndi lamba wochindikala. Kuisomeka m'chiuno yopanda holster, kapena kuiponya m'thumba limodzi ndi makiyi, ndiko kumene anthu amadziwombera nako mwendo. Pa bajeti yanu muwerengeremo sefa, holster ndi zipolopolo zophunzirira, podziwa kuti lamulo limalola kusunga zosapitirira 200 pa laisensi yotere.

Dziwaninso malire a mfutiyo. Malamulo a kuno amalola kuwombera munthu pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pangozi yeniyeni nthawi yomweyo. Wakuba amene akuthawa ndi foni yanu mukamuwombera kumsana, mlandu ndi wanu. Kugwira mfuti mutamwa ndi mlandu, ndipo ikabedwa kapena kutayika muyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Anthu akakutulukirani atakulozani kale mfuti, kupisa m'chiuno kungakuphetseni. Apatseni ndalamazo. Kusintha nthawi yoweruka, kuika magetsi pageti ndi kuchepetsa ndalama zoyenda nazo kumateteza masiku ambiri kuposa mfuti.

Za kumudzi, yankho ndi ayi. Laisensi ya South Africa mphamvu yake imathera pamalire a Beitbridge. Kutuluka ndi mfuti kumafuna chilolezo chapadera, ndiye pakufunikanso cha Zimbabwe, cha Mozambique ndi cha Malawi. Isiyeni yokhoma musefa, kapena mukaisungitse kwa ogulitsa mfuti ovomerezeka.

Mukandifunsa chigamulo changa, kwa munthu amene akuyamba kumene ndikanaika patsogolo SIG P365 kapena Glock 43X. Ngati manja anu ndi aakulu ndipo mumavala zotaya, Glock 26 idzakukomerani powombera. Ndalama zikachepa, Taurus G3c ndi yokwanira, bola zotsalazo zipite ku maphunziro. Glock 43 muitenge pokhapokha mwaiwombera n'kuona kuti mukulasa nayo bwino kuposa zinazo.