Pakhonde pa Azakhali: Vidiyo Sipala Thabwa

Azakhali, ndimakhala m'munsi mwa Phiri la Dedza. Kwa miyezi isanu ndakhala ndikuphunzira kujambula mipando pa kompyuta ndi kuyendetsa makina a CNC poonera mavidiyo pa YouTube. Bambo anga, omwe ndi kalipentala, akuti ndi ulesi chabe. Makinawo sindinawagwirepo. Ndisiye?

Mwana wanga, miyezi isanu yonseyi ukuonerera anzako akudya, ndiye ukudabwa kuti sukukhuta? Ndikukuona ine: mu Juni, chifunga chatsika phiri, iwe wadzikulunga bulangete, maso tong'o pa foni kudikira bandulo ya usiku. Kukacha bambo ako akukankha puleni okha, iwe mkonono. Ukanakhala iwo ukanati chiyani?

Koma pukuta misozi, wasankha chinthu chabwino. Makina a CNC ndi kalipentala wopanda nzeru zakezake. Iwe umajambula pa kompyuta, pulogalamu imasandutsa chojambulacho kukhala malamulo otchedwa G-code, kenako kampeni kozungulira kamayenda cham'mbali, chakutsogolo ndi chopansi monga walamulira. Ukalakwitsa ndi mamilimita 2, makinawo adzalakwitsa mokhulupirika pa matabwa onse 50. Ukawathamangitsa, kampeni kamathyoka. Ukawachedwetsa, thabwa limapserera. Nanga paini wathu wa m'phirimu, wauwisi ndi wodzaza utomoni, amene amapindika akamauma? Mzungu wa mu vidiyo uja sadzakuuza. Amene amadziwa zimenezo ndi mdala yemwe ukumuona ngati wachikaleyo. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Tsono mawa ulawire. Tenga tepi, uyeze mpando umodzi umene bambo ako apanga, mwendo ndi mwendo, bowo ndi bowo, ndipo uujambule mu FreeCAD. Pulogalamu imeneyo ndi yaulere, ndipo ukaiika pa laputopu sifunanso intaneti. Vidiyo imodzi patsiku yakwana: onera pang'ono, imitsa, chita wekha, kenako pitiriza. Amene amameza mavidiyo khumi usiku umodzi amangotsala ndi maso ofiira. Uzisunganso ntchito yako pafupipafupi, magetsi satsanzika.

Ukamaliza, sindikiza chojambulacho papepala, ukawapatse bambo ako. Akatha kupanga mpando potsatira pepala lakolo osakufunsa kanthu, dziwa kuti wayamba kudziwa. Akakwinya nkhope n'kufunsa kuti mwendo uwu ulowa pati, bwerera ukakonze, osatupa masaya.

Za kugula makina ziiwale kaye, usagulitse munda wa kachewere wa amayi ako chifukwa cha maloto. Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita 85 okha. Kwera minibasi, ukafunse kwa olemba zikwangwani ndi opanga makabati amene ali ndi makinawa, upemphe ngakhale kusesa utuchi. Wosesa amaona momwe thabwa amalimangira pa tebulo, ndipo khutu lake limazolowera kulira kwa kampeni kamene katsala pang'ono kuthyoka. Ukafunsenso ku TEVETA za maphunziro a ntchito zamanja, pakuti mabwana ambiri amafunabe satifiketi.

Tsiku lina utsikireko ku Mua, ku KuNgoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ukaone zimene tchizulo chimachita m'manja mwa osema. Ukabwerako manyazi atakugwira pang'ono, si vuto.

Ndipo chinthu choyamba chimene udzadule pa makinawo chikhale kampando kanga kokhalira pophika. Mawondo a azakhali ako atha.