Mukupita ku Comrades Marathon? Yambani mwalongosola nkhani ya mankhwala

Chaka chilichonse, kawirikawiri mu Juni, anthu zikwizikwi amasonkhana ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa kukachita mpikisano wa Comrades Marathon. Mpikisanowu unayamba pa 24 Meyi 1921, ndipo othamanga amadula mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg. Amapatsidwa maola 12 okha. Anzathu a ku Zimbabwe amaudziwa bwino chifukwa Stephen Muzhingi anapambana katatu motsatizana, mu 2009, 2010 ndi 2011.

Kaya mukukathamanga nokha kapena mukukachemerera mwamuna wanu, mkazi wanu kapena mwana wanu, mwina mwakonza kale za tikiti, malo ogona ndi nsapato. Chimene ambiri amaiwala ndi mankhwala. Ine monga wogwira ntchito m'famase, nkhawa yanga ili pamenepo, chifukwa piritsi limene mumamwa kunyumba popanda vuto likhoza kukugonetsani m'chipatala pa tsiku la mpikisano.

Kutatsala milungu 6

Pitani kwa dokotala kapena kufamase kutatsala milungu 6 mpaka 8. Tengani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula nokha, mavitamini ndi azitsamba. Nenani momveka bwino kuti mukukathamanga tsiku lonse kapena kukakhala padzuwa tsiku lonse.

Malamulo a South Africa amalola mlendo kulowa ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala, ndipo mukhale ndi chikalata cha dokotalayo chosonyeza kuti ndi anu. Musawachotse m'mabokosi ake n'kuwathira m'kabotolo kopanda dzina. Pemphani kuti pachikalatapo alembe dzina lenileni la mankhwala, osati la kampani lokha, chifukwa mayina a makampani amasiyana m'mayiko koma amlodipine ndi amlodipine kulikonse.

Ngati mukuchokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Britain kapena America, khadi la katemera wa yellow fever silifunika. Koma mukadzera m'dziko limene kuli matendawa, monga Kenya kapena Ethiopia, n'kukhala pabwalo la ndege maola oposa 12, adzakufunsani khadilo. Limayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10 mutabayidwa, choncho musadikire mlungu womaliza. Pasipoti yanu ikhale ndi masamba awiri osadindidwa ndipo ikhale yoti idzagwirabe ntchito masiku 30 mutatuluka m'dzikolo.

Gulani inshuwalansi yapaulendo ndipo funsani ngati imalipira munthu akavulala pa mpikisano wotere, chifukwa zina sizilipira. Okhala ku Britain, dziwani kuti khadi la GHIC siligwira ntchito ku South Africa.

Panjira

Mankhwala onse akhale m'chikwama chimene mukwere nacho m'ndege kapena m'basi. Katundu wapansi amasochera, ndiponso insulin imawonongeka ikauma ndi kuzizira kapena ikatenthedwa. Insulin yosatsegula isungidwe m'fuliji pa madigiri 2 mpaka 8 mukangofika. Tengani mankhwala owonjezera a mlungu umodzi kuopa kuti ulendo wobwerera ungachedwe.

Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi ya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Mu Juni, London imakhala m'mbuyo ndi ola limodzi lokha, pamene New York imakhala m'mbuyo ndi maola 6. Ochokera ku America amene amamwa ma ARV, mapiritsi a kulera kapena amabaya insulin agwirizane ndi dokotala wawo za nthawi yatsopano asananyamuke.

Ndege yochokera ku London kufika ku Johannesburg imatenga maola pafupifupi 11, ndipo basi yochokera ku Lilongwe kapena Harare imatenga nthawi yoposa pamenepo. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kungachititse kuti magazi aundane m'mitsempha ya m'miyendo. Muziimirira, muziwongola miyendo, muzimwa madzi. Ngati katumba wa mwendo umodzi watupa ndipo ukupweteka, kapena mwayamba kubanika mwadzidzidzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mankhwala opha ululu: apa ndi pamene pagona nkhani

Ngati pali chinthu chimodzi choti mukumbukire m'nkhaniyi, ndi ichi: musamwe ibuprofen, diclofenac, naproxen, indomethacin kapena aspirin wopha ululu musanayambe kuthamanga, muli mkati mothamanga, kapena mutangomaliza.

Chifukwa chake n'chakuti mukamathamanga maola ambiri, magazi ochuluka amapita ku minofu ndi kukhungu, ndipo impso zimalandira ochepa. Thupi lili ndi njira yake yotsegulira timitsempha ta m'impso kuti zizigwirabe ntchito, koma mankhwala a gulu la ibuprofen amatseka njira imeneyo. Pa nthawi yomweyo minofu yotopa imatulutsa zinyalala zimene impso zomwezo ziyenera kusefa. Mapeto ake impso zimatha kufooka mwadzidzidzi. Mankhwalawa amathanso kuyambitsa zilonda ndi kutaya magazi m'mimba.

Samalani ndi mankhwala osakaniza amene amagulitsidwa ku South Africa. Myprodol ili ndi ibuprofen, paracetamol ndi codeine. Grand-Pa ili ndi aspirin, paracetamol ndi caffeine. Mnzanu akakupatsani piritsi pamsewu, musalandire. Inunso ochemerera, musanyamule mankhwalawa n'cholinga chothandiza wachibale wanu akafika pa phiri la Inchanga kapena Polly Shortts miyendo italema. Ululu ukakula, paracetamol ndiyo yabwinopo: munthu wamkulu asapitirire 1 g pa nthawi imodzi, adikire maola osachepera 4, ndipo asapitirire 4 g pa maola 24. Ululu umene sukumva paracetamol ukukuuzani kuti muime. Amene aspirin wochepa mphamvu anawalembera dokotala chifukwa cha mtima asasiye okha, afunse kaye.

Ngati mumamwa mankhwala tsiku lililonse

A BP ndi shuga: mankhwala monga enalapril, lisinopril, losartan, hydrochlorothiazide, furosemide ndi metformin amafuna kusamala thupi likataya madzi ambiri. Funsani dokotala chochita pa tsiku la mpikisano ndiponso mukadwala m'mimba kapena kusanza. Obaya insulin ndi omwa gliclazide kapena glibenclamide, shuga wanu akhoza kutsika kwambiri, choncho muziyenda ndi zotsekemera.

A ma ARV: musadumphitse tsiku. Tenofovir imadzera m'impso, ndiye kuiphatikiza ndi ibuprofen n'kuwonjezera chiopsezo. Komanso othamanga ambiri amamwa magnesium poopa kukokana kwa minofu. Magnesium, calcium, ayironi ndi mankhwala a kutentha pamtima amagwira dolutegravir m'matumbo kuti isalowe bwino m'magazi. Imwani dolutegravir kutatsala maola awiri kuti mumwe zinthu zimenezi, kapena patapita maola 6 mutazimwa.

Othamanga adziwenso kuti pali malamulo oletsa mankhwala ena m'masewera. Tramadol inaletsedwa pa nthawi ya mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024. Pseudoephedrine, imene imapezeka m'mankhwala ambiri a chimfine, ili ndi malire ake. Mankhwala okodzetsa ndi insulin amafuna chilolezo chapadera chotchedwa TUE. Musasiye mankhwala anu chifukwa cha zimenezi. Funsani okonza mpikisano nthawi ikadalipo.

Tsiku la mpikisano

Juni ndi nyengo yozizira ndiponso ya fuluwenza ku South Africa. Ngati thupi latentha, kapena mukumva kuphwanya m'thupi ndi chifuwa, musathamange. Mavairasi ena amatupitsa mnofu wa mtima, ndipo kuthamanga muli choncho kukhoza kupha. Mpikisano udzakhalaponso chaka chamawa, koma banja lanu lili ndi inu mmodzi.

Ku Pietermaritzburg kumazizira kwambiri m'bandakucha, pamene masana dzuwa limatentha ndithu. Valani juzi yakale yoti mungaivule panjira, chipewa, ndipo dzolani mafuta oteteza ku dzuwa ngakhale khungu lanu ndi lakuda.

Imwani madzi mukamva ludzu, osati pa tebulo lililonse. Kumwa madzi mopitirira muyeso kumasungunula mchere wa m'magazi. Vutoli linafotokozedwa mu 1985 ndi Tim Noakes ndi anzake, ndipo mmodzi mwa odwala amene anawalemba anali wothamanga wa Comrades. Zizindikiro zake ndi mutu, nseru, kutupa manja ndi kusokonezeka maganizo. Wachibale wanu akamaliza n'kuyamba kulankhula zosamveka, musamukakamize madzi. Mutengereni kwa azachipatala amene ali pamalo omalizira.

Lembani kuseri kwa nambala yanu mankhwala amene mumamwa, amene thupi lanu limadana nawo, ndi foni ya munthu amene ali nanu m'dzikomo. Pa ngozi imbani 112 pa foni ya m'manja, kapena 10177 kuitana ambulansi.

Mukamaliza

Yang'anirani mkodzo kwa masiku awiri. Ukakhala wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ukachepa kwambiri, kapena maola 12 atadutsa osakodza, pitani kuchipatala ndipo nenani kuti mwathamanga Comrades komanso mankhwala onse amene munamwa. Musachite manyazi kuulula.

Ambiri akafika ku South Africa amati angofikiratu kumudzi kukaona makolo. Ku Durban ndi ku Pietermaritzburg kulibe malungo, koma ku Kruger, kumpoto kwenikweni kwa KwaZulu-Natal, ku Mozambique, Malawi ndi Zambia alipo. Ngati mwakhala zaka kunja, chitetezo chimene munali nacho muli mwana chinachepa, ndipo ana obadwira kunja alibiretu. Atovaquone-proguanil imayambidwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti mufike kumalo a malungo ndipo imapitirizidwa masiku 7 mutachokako. Doxycycline imapitirizidwa milungu 4, ndipo si yoyenera amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Gonani m'neti. Thupi likatentha mutabwerera, ngakhale patapita miyezi, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo uzani dokotala kumene munapita.