Akuti Land Rover siifa, nanga thumba lako?

Azakhali,

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Migowi. Ndimagula nandolo ndi mpunga m'midzi n'kumakagulitsa ku Limbe, koma ndatopa n'kuhaya malole. Munthu wina akugulitsa Land Rover yakale ndipo wandionetsa pafoni kuti mwa ma Land Rover 10 alionse amene anapangidwapo, 7 akuyendabe. Ine mtima wagwa pomwepo. Vuto ndi mayi akunyumba. Akuti ndikangokhudza mpamba ndilongedze zanga, poti pano ndili pachikamwini. Chonde alankhuleni, chifukwa manambala sanama.

Wothedwa nzeru, Migowi

Mwana wanga,

Ndiye wabwera kudzandilemba ganyu yoti ndikakunyengerere mkazi? Khala pansi kaye, umwe madzi. Ukuti manambala sanama, chabwino, koma amene wakuonetsa manambalawo ndi yemweyo akufuna ndalama zako. Unamufunsa kuti ngati galimotoyo siifa, iye akuigulitsiranji?

Mawu amene waonawo si achilendo. Akhala akuyendayenda kwa zaka zambiri, ena amati 70 pa 100, ena amati 75, malinga ndi mmene wolankhulayo wadzukira. Land Rover yoyamba inatuluka ku Britain mu 1948, ndipo mtundu wa makonamakona uja, womwe pambuyo pake unatchedwa Defender, unasiya kupangidwa ku Solihull mu Januwale 2016 atapanga oposa 2 miliyoni. Kuti ndi galimoto yolimba, sinditsutsa. Tinakula tikuona apolisi, a DC ndi ansembe a kumishoni akudutsa nayo pomwe lole yagonja. Koma tiye tiufukule mtanda umenewu tione chili pansi.

M'zaka zoyambirira kampani inkapanga magalimoto ochepa. Kenako inabweretsa Range Rover mu 1970, Discovery mu 1989, Freelander mu 1997, n'kuyamba kutulutsa ambirimbiri chaka chilichonse. Ukaponya onsewa mumtanga umodzi, ochuluka amakhala a dzulodzuloli. Galimoto ya zaka zisanu kuyenda n'chodabwitsa? Ana ndi amene akukweza chiwerengerocho, pomwe iwe akukugulitsa nkhalamba.

Ndiye pali nkhani yoti "ikuyendabe". Ukuikumbukira njinga ya agogo ako, imene ankailumbirira kuti ndi ya nthawi ya Kamuzu? Matayala anasintha, tcheni anasintha, felemu anawotcherera kawiri, chakale chinatsala ndi belu lokha. Ma Land Rover ambiri akale ali choncho. Amamangidwa ndi mabawuti, ndiye munthu amachotsa injini n'kuika ina, giyabokosi ina, ngakhale chasisi chimene, koma pepala limawerengabe kuti ndi galimoto yomwe ija. Kunjako amene amachita zimenezi ndi anthu a ndalama zawo, amaikonda ngati mwana, amaitulutsa Lamlungu lokha n'kuibwezera m'galaja. Galimoto wamba ikakalamba amaitaya, chifukwa kukonza kumaposa mtengo wake. Iyi saitaya. Chimene manambalawo akuyeza kwenikweni ndi kukula kwa matumba a eni ake. Kwathu kuno n'chimodzimodzi. Ma Land Cruiser oyera a mabungwe amene umawasirira aja amalowa sevisi tsiku lake likakwana, ali ndi dalaivala mmodzi, ndipo akayamba kudya ndalama amawagulitsa pa okushoni kwa anthu ngati iwe.

Ndipo wowerengayo sanafike ku Phalombe. Ambiri mwa magalimoto amenewo moyo wawo wonse athera pa tala, kunyamula ana a sukulu. Yako izidzatsika kuchigwa cha Chilwa mvula ili pakati, m'makande aja omata ngati phula, itasenza matumba mpaka masipuling'i kuwongoka. Thupi la Land Rover ya makonamakona ija ndi la aluminiyamu, silichita dzimbiri, n'chifukwa chake imaoneka yanyamata ngakhale yakalamba. Chasisi ndi chachitsulo. Matope akakhazikika m'kati mwake amadya mwakachetechete, ndipo madzi a Chilwa ndi amchere, poti nyanjayo ilibe mtsinje wotulukira. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere. Usaiwalenso kuti namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho ya ku Nkhulambe mu Malichi 2023, panalibe folo wilo imene inauluka. Magalimoto ena anamira m'matope chaka chimenecho, mwina anawatsuka bwinobwino n'kuwaika pamsika.

Komatu sindikukuseka. Ndikudziwa kuwawa kwake, kuima pamsika ndi matumba ako kudikira lole ya mwini, dzuwa likuswa mtengo, mwini loleyo n'kukweza mtengo poona kuti wapanikizika. Ndikudziwanso kamtima kena kamene sunalembe m'kalatamu, kofuna kuti tsiku lina ulize hutala pakhomo pa apongozi, alamu ako atuluke aone. Si tchimo limenelo. Mkazi wakonso sakudana ndi chitukuko. Iye akuona galimoto itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, nyengo ya nandolo yafika mpamba mulibe, fizi ya ana ikudikira. Ndipo pamudzipo ndi kwawo, woyamba kusekedwa pachitsime adzakhala iyeyo.

Tsono chita izi. Iwala za magalimoto 2 miliyoni, iwe akukugulitsa imodzi. Pita ndi makaniko wako, womulipira wekha, osati amene wogulitsa akulozere. Mufike m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Muone utsi. Makanikoyo agone pansi ndi hamala agogode chasisi, makamaka chakumbuyo. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimangoti phu, n'kuyoyoka. Muone ngati oyilo akudontha pa madifu ndi pa giyabokosi, mutukule makapeti muone ngati pali matope ouma. Alowetse folo wilo, mukwere nayo mtunda muli ndi katundu, osati kungozungulira pa tala wa ku Chitakale. Makilomita olembedwa pa dashibodi usawakhulupirire kwambiri, anyamata amabweza. Manambala a injini ndi a chasisi afanane ndi a mu bulubuku, ndipo ndalama isatuluke musanakaonetse mapepala ku Road Traffic.

Ukapita ku Limbe ndi nandolo ulendo uno, zungulira m'mashopu a masipeya ufunse mtengo wa kilatchi, mainjekita a dizilo ndi matayala anayi, ufunsenso ngati zilipo pashelefu kapena n'zoitanitsa. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chimaluma. Masipeya a Toyota savuta kupeza ngati a Land Rover, ndipo amakaniko athu anazolowera Hilux. Kenako uwerenge matumba amene galimotoyo inganyamule ulendo umodzi. Land Rover si lole. Mwina upeza kuti dizilo wa maulendo atatu akuposa ndalama imene umalipira pohaya kamodzi.

Masamu onsewa ukachite pamphasa ndi mkazi wako, cholembera chili m'manja mwake. Ngati mutagula galimotoyo mpamba wa nandolo utsala wathunthu, n'kutsalanso ina yapadera yokonzera, gulani, ndipo mudzanditenge tikaone mpunga ku Chilwa. Ngati sizikutheka, haya lole chaka chinonso, palibe anafa n'kuhaya. Za kulankhula ndi mkazi wako, ine ayi. Nkhaniyi waigwira bwino ndi iyeyo.

Ndine Azakhali ako