Masheya a Tesla: Mukugula Galimoto Kapena Lonjezo?

Makalata atatu a sabata ino akufunsa za kampani imodzi, Tesla ya ku America, yopanga galimoto zoyendera magetsi, imene mkulu wake ndi Elon Musk.

Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa kwathu kuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akuti: "Anzanga kuntchito amagula masheya a Tesla pafoni, ndipo amandiseka kuti ndikugona. Koma alamu anga akuti mtengo wake ndi wokwera mopanda nzeru. Akunena zoona ndani?"

Bambo, anzanuwo ali ndi poyambira. Tesla italowa pamsika wa Nasdaq mu June 2010, sheya imodzi inali madola 17. Mu 2020 anagawa sheya iliyonse pasanu, mu 2022 anagawanso patatu, moti amene anagula imodzi n'kuisunga lero ali ndi 15. Alipo anthu wamba amene analemera nayo, ndipo nkhani zawo ndi zimene zimayendayenda m'mafoni.

Koma tiyeni tikhale pansi ndi alamu anuwo. Tinene kuti wina akukugulitsani chigayo. Mwapita kukachiona, mwamva mmene injini ikulirira, mwawerenga amayi amene ali pamzere ndi mitanga yawo, mwatsegula kabuku ka ndalama n'kupeza kuti mukachotsa dizilo ndi malipiro a mnyamata wogayitsa, pachaka chimasiya K1 miliyoni. Akakuuzani kuti mtengo ndi K10 miliyoni, mudziwa kuti pakatha zaka khumi ndalama yanu yabwerera. Nanga akati K800 miliyoni? Mufunsa kuti, kodi pansi pa chigayochi pali golide?

Ndi mmene zinalili ndi Tesla kumapeto kwa 2020. Chaka chimenecho inagulitsa galimoto pafupifupi 500,000, phindu lake linali madola 721 miliyoni, koma masheya ake onse pamodzi anapitirira madola 600 biliyoni. Kuwerengera phindu la chaka chimenecho, ndalama yanu ikanabwerera patatha zaka zoposa 800. Ndipo phindulo silinachokere ku galimoto zokha. Malamulo a ku America ndi ku Ulaya ankakakamiza makampani opanga galimoto kuchepetsa utsi, ndiye amene alephera ankagula chilolezo kwa amene sakutulutsa utsi. Tesla inapeza madola oposa 1.5 biliyoni mwa njira imeneyi, apo ayi chaka chikanatha ili m'maluzi. Komabe pofika July chaka chomwecho inali itaposa kale Toyota pamtengo wa pamsika, Toyota imene imagulitsa galimoto pafupifupi 10 miliyoni chaka chilichonse.

Golide amene ogulawo amati ali pansi pa chigayo ndi galimoto zodziyendetsa zokha, mataxi opanda dalaivala, ndi loboti lotchedwa Optimus. Akamagula sheya amakhala akulipiriratu zinthu zimenezi. Ine sindiwanyoza, chifukwa kampaniyi inachitadi zimene ambiri ankati sizingatheke. Koma ndimaonanso kuti mu 2024 inagulitsa galimoto 1.79 miliyoni, kutsika kuchoka pa 1.81 miliyoni mu 2023, pomwe BYD ya ku China ikuikanikiza ndi galimoto zotsika mtengo. Kwa ine, alamu anu akunena zoona pa galimoto, anzanu akubetcha pa lonjezo. Ngati mugula, gulani mukudziwa kuti mukugula lonjezolo.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina, namwino ku Manchester. Akuti anagula kumapeto kwa 2021, mtengo unagwa, anachita mantha n'kugulitsa, kenako unakweranso. Akufunsa kuti: "N'chifukwa chiyani sheya imeneyi siikhazikika? Ndipo bwanji sanandipatseko gawo la phindu ngati mmene amachitira mabanki a kumudzi?"

Pepani kwambiri mayi, ndalama ya mashifiti a usiku imapweteka ikatayika. Munagula nthawi imene chisangalalo chinali pachimake. Mu October 2021 kampani yobwereketsa galimoto ya Hertz inalengeza kuti iitanitsa galimoto 100,000, ndipo mtengo wa Tesla unadutsa madola 1 thiriliyoni koyamba. Mu 2022 sheyayo inagwa ndi pafupifupi 65 pa 100 aliwonse. Amene anaika madola 1,000 mu January, pofika December anatsala ndi 350.

Imagwedezeka chonchi chifukwa gawo lalikulu la masheyawa lili m'manja mwa anthu wamba ngati inu, ndipo mtima wa munthu umasintha msanga kuposa fakitale. Ku South Korea, anthu wamba ogula masheya akunja amatchedwa nyerere, ndipo kwa zaka zingapo Tesla ndiyo yakhala pamwamba pa zimene nyererezi zimasunga. Ambiri sagula chifukwa cha mabuku a kampani koma chifukwa chokhulupirira Musk. Mu May 2020 iye mwini analemba pa Twitter kuti mtengo wa sheyayo wakwera kwambiri, ndipo tsiku lomwelo unatsika ndi pafupifupi 10 pa 100. Za gawo la phindu, Tesla sinaperekepo chiyambire. Njira yopezera kanthu ndi imodzi yokha, kudzagulitsa kwa wina pamtengo woposa umene munagulira.

Yomaliza ndi ya mnyamata wa ku Lilongwe. Akuti munthu wina pa WhatsApp wamuuza kuti akatumiza K500,000 amugulira masheya a Tesla ndipo azilandira phindu mwezi ndi mwezi. Akufuna kukongola ndalamayo ku banki mkhonde ya amayi ake.

Achimwene, musatumize. Tesla kulibe pa Malawi Stock Exchange, ndipo mwamva ndanena kuti kampaniyi siigawa phindu, nanga la mwezi ndi mwezilo alitenga kuti? Ngongole ya ku banki mkhonde imafuna chiwongoladzanja mwezi ukangotha, sheya idzuke kapena igone, ndipo gulu likadzabwera kudzatenga katundu lidzafikira pakhomo pa amayi anu. Mufunseni munthuyo dzina la kampani yake ndi chiphaso chake, kenako mukafunse ku Reserve Bank of Malawi ngati akuidziwa. Mukatero mutilemberenso, tidzawerenga yankho lake pano sabata yamawa.