YESANI MADZI MUSANALOWEMO

Mlimi wanzeru sabzala mbeu asanafukule nthaka kuti aone ngati cinyontho calowa. Koma mlimi yemweyo akafika pa mtsinje angopinda buluku, nayamba kuoloka, nati, "Dooko ili ndilidziwa, atate anali kuolokera pompano." Apa ndi pamene anthu ambiri alakwira. Dooko ndi lomwelo inde, koma madzi ali pamenepo lero si amene analipo dzulo. Ndiponso madzi abwino kuwedzamo nsomba kawirikawiri si abwino kusambiramo.

Tiyambe ndi mitsinje yathu ya kuno kumtunda, monga Lunkhwakwa, Lutembwe ndi Msandile. Dziko la Chipata lilandira mvula yokwana ngati mamilimita 1,000 pa caka, ndipo pafupifupi yonseyo igwa kuyambira Novembala kufikira Epulo. Madzi ace atsetsereka m'mapiri msanga, natsikira ku cigwa ca Luangwa. Cifukwa cace mtsinje umene mu Okutobala unali mcenga wokhawokha, akazi nafukulamo zitsime, utha kudzala pa usiku umodzi. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Cobvuta ncakuti mvula ingagwe ku mapiri, pamene inu muli kumunsi dzuwa lili phwee, madzi nakupezani muli pakati pa mcenga ndi ngolo yanu.

Tsono mukafika pa dooko nyengo ya dzinja, yambani mwaima. Penyani maonekedwe a madzi. Ngati afiira ndi dothi, natenga thobvu, zinyalala ndi nthambi zaziwisi, ndiye kuti mtsinje uli kukwera. Zikani kamtengo pa malire a madzi ndi mtunda, mukhale pansi nthawi yokwanira kuoca cimanga cimodzi. Madzi akapitirira kamtengoko musaoloke. Akakasiya pouma, mtsinje wayamba kuphwa, ndipo kudikira pang'ono kudzakupindulitsani. Ponyaninso cikuni pakati, muyende m'mbali molingana naco. Cikakusiyani m'mbuyo muli kuyenda ndawala, madziwo ali ndi mphamvu yoposa miyendo yanu. Madzi othamanga ozama masentimita 15 okha, ndiwo ongopitirira mu akakolo, atha kugwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika masentimita 60 akokolola galimoto. Nanga mwana wa sukulu amene wasenza mabuku pamutu?

Madzi osefukira munthu awaopa yekha cifukwa asokosa. Amene tifuna kunenapo kwambiri ndi madzi odekha a m'madamu, m'maiwe ndi m'mathawale a m'dambo, amene aoneka oyera ndi ofatsa m'miyezi yotentha. Ana awakonda, ndipo makolo sawaletsa, poti palibe mkokomo. Komatu m'madzi otere ndimo mukhala likodzo. Munthu wodwala nthendayi akakodzera kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a tizirombo aswa, tizirombo nitilowa mu nkhono zazing'ono zokhala pa bango, pa udzu ndi pa masamba a kakombo. M'nkhonomo ticuruka, kenaka tituruka, makamaka masana dzuwa litakwera, nthawi yomweyo imene abusa a ng'ombe athamangira kukasambira. Tiboola khungu la munthu popanda bala. Patapita masabata kapena miyezi mwana ayamba kukodza magazi, aonda, natopa msanga m'kalasi. Ena kumudzi ati ndico cizindikiro ca kukula kwa mnyamata. Iai, imeneyo ndi nthenda, ndipo ikakhalitsa iononga cikhodzodzo, impso kapena ciwindi.

Kuyesa madzi otere sikubvuta. Zulani udzu wa m'mphepete kapena tembenuzani tsamba la kakombo, muone ngati pali tinkhono. Funsaninso m'mudzi ngati alipo ana okodza magazi. Mukapeza cimodzi mwa izi, dziwe limenelo si losambiramo kapena kucapiramo, ngakhale madzi ayere cotani. Madzi osamba muwatunge ndi kuwaphitsa, kapena muwasunge m'cidebe masiku awiri athunthu, popeza tizirombo tija sitikhala moyo nthawi yoposa imeneyo tikasowa munthu. Wodwala apite ku cipatala. Mankhwala ace, ochedwa praziquantel, alipo ndipo aciritsa. Za damu tionjezepo cimodzi: pafupi ndi khoma ndipo pozama koposa, ndipo pansi pace pali matope ogwira miyendo.

Kwa msodzi, funso loyamba ndilo la mwezi. Boma litseka usodzi caka ndi caka kuyambira pa 1 Disembala kufikira kutha kwa Febuluwale, cifukwa ndiyo nthawi imene nsomba ziswana, milamba nikwera ndi madzi atsopano kukaikira mazira m'madambo. Wogwira mlamba wa mazira wapha nsomba za caka camawa. Lamulo la usodzi la 2011 liletsa kupha nsomba ndi mankhwala, ndiye kuti katupe yemwe. Neti ya udzudzu nayo si ukonde. Ikokolola ndi tiana tomwe, kunyumba malungo nalowa. Mukaona nsomba zili kuyandama zakufa popanda wozipha, musatole. Mwina wina watsukira kumtunda pampu yopopera thonje.

Tsopano titsikire ku Luangwa, kudera la Mfuwe, mtunda woposa makilomita 100 kucokera ku Chipata. Za kusambira m'menemo tinene mwacidule: palibe mwezi wabwino. Ng'ona zilimo caka conse, ndipo zizolowera malo amene anthu atungapo madzi tsiku ndi tsiku nthawi imodzimodzi. Ziikira mazira mumcenga nyengo yotentha mvula isanagwe, ndipo yaikazi silola munthu kuyandikira cisa cace. Mvuu za mu Luangwa ndi zocuruka kuposa za m'mitsinje yambiri ya mu Africa. Mvuu yofa yokha musadye: m'caka ca 2011 ku Chama anthu mazanamazana anadwala nthenda ya anthrax atasenda ndi kudya nyama yotere, ena nafa. Asodzi akumbukirenso kuti m'kati mwa nkhalango ya South Luangwa saloledwa kuwedza.

Wopalasa bwato ali ndi nyengo ziwiri zobvuta. M'dzinja mtsinje ugumula magombe pokhota, nutenga mitengo yathunthu imene iyenda yobisika pansi pa madzi ofiira. Amene anaona cigumula ca mu Febuluwale 2007 ku Mfuwe adziwa kuti Luangwa atha kusiya njira yace ndi kulowa m'minda ndi m'nyumba. M'malimwe madzi acepa, mvuu niziunjikana m'maiwe ozama ocepa amene atsala, ndipo zikhala zaukali, makamaka ya mwana. Pamenepo bwato liyende mosazama, kuti mvuu ikhale ndi pothawira, ndipo wopalasa azigogoda bwato ndi nkhafi kuti zibvuuke adziwe pamene zili. Musapite pakati pa mvuu ndi dziwe lace. Bwato lisadzazidwe kufikira m'milomo. Ngati matumba a cimanga alimiza kotero kuti patsala danga losakwana cikhato, tsitsani thumba limodzi, mudzalitenge ulendo waciwiri. Madzulo dzuwa litapendeka mvuu zituruka kukadya kumtunda, nizibwerera mbandakuca; nthawi ziwiri zimenezi bwato likhale lomangidwa pa dooko.