Mafunso ndi Mayankho: Makanema ndi Zojambula Zoyenda pa Phunziro la Mbiri

Makalata a omvera amene afika sabata ino akukhudza ntchito ya makanema a pa intaneti ndi zojambula zoyenda, zimene ambiri amazitcha makatuni, pophunzitsa mbiri. Pasankhidwa makalata anayi, ndipo akuyankha ndi katswiri wa kaphunzitsidwe ka phunziroli.

Funso loyamba likuchokera kwa aphunzitsi a sekondale ku Dowa, amene akufuna kudziwa mitu imene kanema angaphunzitse bwino kuposa buku ndi choko.

Kanema amapambana pamene chophunzitsidwacho chili ndi kuyenda mkati mwake, monga kusamuka kwa mitundu ya anthu, njira za malonda ndi mayendedwe a asilikali, pakuti pamenepo malo ndi nthawi zimasinthira limodzi, pomwe mapu a m'buku amaima pa tsiku limodzi. M'chaka cha 2015, Andrew Kahn ndi Jamelle Bouie anakonza mapu oyenda a mphindi ziwiri osonyeza maulendo 20,528 a zombo zonyamula akapolo pa nyanja ya Atlantic, chombo chilichonse chikuoneka ngati kadontho. Wophunzira angathe kuloweza kuti anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo ndipo 10.7 miliyoni ndiwo anafika amoyo, koma akaona timadonthoto tikuthamangira ku Brazil ndi ku zilumba za Caribbean, amazindikira yekha kuti ku North America kunapita ochepa kwambiri. Ulendo wa Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu November 1835 pa tsiku la kadamsana, ungaonetsedwe chimodzimodzi. Pa funso loti chinachititsa nchiyani, kanema amafooka, chifukwa zifukwa zimafuna mtsutso, ndipo mtsutsowo umayenda bwino kanema atazimitsidwa.

Aphunzitsiwa asamalenso kutalika kwa kanemayo. Kafukufuku wa Philip Guo ndi anzake wa 2014, amene anasanthula maulendo 6.9 miliyoni a kuonera makanema a maphunziro pa tsamba la intaneti la edX, anapeza kuti chidwi chimagwa zikadutsa mphindi zisanu ndi imodzi. Oonerawo anali ophunzira paokha pa intaneti osati ana a m'kalasi, komabe zimenezi zikugwirizana ndi mfundo ya Richard Mayer wa ku University of California, Santa Barbara, yoti phunziro ligawidwe m'zidutswa, ndipo nyimbo ndi zokometsera zosakhudza mutu zichotsedwe.

Funso lachiwiri ndi la wophunzira wa Fomu 4 ku Mulanje, amene akufunsa ngati kanema wojambulidwa pa nthawi imene zinthu zinkachitika angakhale ndi bodza.

Kanema wotere ndi umboni wa nthawi yomweyo, umene olemba mbiri amaulemekeza, koma mboni iliyonse imakhala ndi pamene inaima ndi amene anaituma. Kanema wa The Battle of the Somme, amene Geoffrey Malins ndi John McDowell anajambula mu 1916, anagulitsa matikiti pafupifupi 20 miliyoni ku Britain m'masabata asanu ndi limodzi oyamba, koma gawo lake lotchuka, losonyeza asilikali akutuluka m'ngalande kukamenya nkhondo, akatswiri amavomereza kuti linakonzedwa kutali ndi malo a nkhondo. Mu 2018 Peter Jackson anatenga makanema akale a nkhondo yomweyo nawapaka mitundu ndi kuwaikira mawu mu They Shall Not Grow Old, mothandizidwa ndi odziwa kuwerenga milomo. Nkhope za anyamata aja zimakhudza mtima, koma mtundu uliwonse ndi liwu lililonse m'menemo zinaikidwa patapita zaka pafupifupi 100.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Kampani ya makanema a nkhani ya British Pathé inaika makanema pafupifupi 85,000 pa YouTube mu 2014, ndipo makanema a nkhani a nthawi ya atsamunda ankakonzedwera oonera a ku Britain, wofotokoza nkhani nakhala wa komweko. Amene akuphunzira za 3 March 1959 ayenera kuika makanema oterewa pambali pa lipoti la komiti ya Devlin la chaka chomwecho, limene linawerenga Amalawi 51 ophedwa ndipo silinapeze umboni wa chiwembu chopha azungu monga boma la atsamunda linkanenera.

Funso lachitatu lalembedwa ndi mayi wina wa ku Chipata, amene mwana wawo anawaonetsa mapu oyenda osonyeza ufumu wa Maravi ukukula ndi kuchepa chaka ndi chaka, ndipo akufunsa kumene wojambulayo anawatenga malirewo.

Mayiwa afunsa funso limene mphunzitsi aliyense wa mbiri ayenera kuphunzitsa ana ake kufunsa. Zimene zikudziwika za Maravi zimachokera ku mbiri yapakamwa, ku zolemba za Apwitikizi monga ulendo wa Gaspar Bocarro wochokera ku Tete kupita ku Kilwa mu 1616, ndi ku zofukulidwa m'nthaka monga zimene Yusuf Juwayeyi anapeza ku Mankhamba, likulu la Kalonga. Palibe gwero lililonse mwa amenewa limene limalemba mzere wa malire. Mphamvu za Kalonga, Undi ndi Lundu zinkaoneka pa anthu ogonjera, pa mitulo yoperekedwa, pa maukwati ndi pa malo a chipembedzo, ndipo zinkazilala pang'onopang'ono munthu akamatalikira likulu. Kompyuta yojambula mapu imafuna mzere ndi chaka, choncho pamene umboni uli chete wojambulayo amadzazapo yekha, ndipo woonera satha kusiyanitsa chodziwika ndi chongoganizira popeza zonse zapakidwa utoto umodzi. Buku labwino limalemba mawu oti "mwina", koma mapu oyenda sakayika.

Vutoli lakula ndi nzeru zopangidwa za kompyuta, zotchedwa AI, zimene zimatha kuyendetsa chithunzi chakale ndi kuchilankhulitsa. Kuukira kwa John Chilembwe kwa pa 23 January 1915 sikunajambulidwe pa kanema, choncho kanema aliyense womuonetsa akulalikira ndi wopeka, ngakhale ataoneka wakale chotani, ndipo wofuna nkhani yake ayambire pa buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la 1958.

Funso lomaliza ndi la aphunzitsi a sukulu yoyendera ku Nsanje, imene ilibe magetsi, ndipo akudandaula kuti bandulo ndi yodula.

Foni imodzi ndi yokwanira kuti ana apange kanema wawo mwa njira yojambula zithunzi zambiri motsatizana, chinthu chikusunthidwa pang'ono pa chithunzi chilichonse, kenako nkuzilumikiza kuti zioneke ngati zikuyenda. Mapu alembedwa pansi ndi makala, nyemba ziimira anthu, ndipo ntchitoyi sifuna intaneti. Phindu lake lalikulu lili m'mikangano imene imabuka pokonza, pakuti gulu losonyeza ulendo wa Angoni liyenera kugwirizana kuti nyemba zigawikane pati Zwangendaba atamwalira, ndi kunena buku kapena gogo amene wawauza zimenezo. Mwana amene wasuntha nyemba ndi dzanja lake pamene umboni unali wosakwanira amayamba kuona malo otere m'makanema a anthu ena. Aphunzitsiwa apemphe gulu lililonse kuti njira yotsimikizika liilembe ndi makala, yongoganizira ndi phulusa, ndi kuti kumapeto kwa kanemayo mwana mmodzi atchule gwero la njira iliyonse.